Makalata a omvera: kodi oyimba jazi amachokera kuti?

Moni nonse omvera athu, kaya muli kudimba, m'minibasi, pamsika, kapena mwangoyatsa wailesi uku mukusonkha moto. Yakwana nthawi ya makalata anu. Sabata ino ambiri mwalemba nkhani imodzi, ya chikondwerero cha nyimbo za jazi chimene chinachitika mumzinda muno wa Blantyre Loweruka ndi Lamulungu lapitali. Ndasankhapo makalata anayi, ndipo ndiyamba ndi yowawa kwambiri.

Yachokera kwa bambo wina wowotcherera zitsulo ku Ndirande. Akuti:

"Achimwene, munatilimbikitsa kuti tipite tikamve jazi, ine ndinapitadi. Pakhomo ndinalipira ndalama yoti ikanagula thumba la makala ndi ndiwo zake. Koma ndinabwerako mutu uli balala. Nyimbo imodzi yosatha, mawu mulibe, wa lipenga akulowera uku, wa ng'oma akulowera uko, anthu a majekete akuwomba m'manja nyimbo ili pakati. Kodi zimenezi si za azungu ndi mabwana? Nanga oyimbawo anaphunzira kuti? Ine ndikuganiza kuti onse ndi ana a anthu olemera amene anakulira kunja."

Zikomo bambo a ku Ndirande. Za mtengo wa pakhomo sindikutsutsani, ndipo okonza zikondwerero ngati akumva amve: mukaika jazi m'malo okwera mtengo okhaokha, anthu adzaganiza kuti eni ake ndi amene amagona m'mahotela. Koma pa za kumene nyimboyi inachokera, mundilole nditsutse.

Jazi inabadwira pakati pa anthu akuda a ku New Orleans ku America, ana ndi zidzukulu za akapolo. Louis Armstrong, amene dziko lonse limamudziwa ndi lipenga, anabadwa mu 1901 m'banja losauka zedi. Lipengalo analiphunzira bwino ali m'nyumba yosungirako anyamata olakwa, kumene anamutsekera atawombera mfuti m'mwamba usiku wolowa chaka chatsopano.

Tisapite kutali, tibwere pa Chileka pompa. M'mudzi wa Singano munali anyamata awiri apachibale, Daniel ndi Donald Kachamba. Ali ana anakhalako ku Salisbury, kumene lero timati Harare, ndipo kumeneko ndiko anamva kwela, nyimbo ya chitoliro chachitsulo imene anyamata a m'misewu ya Johannesburg, onga Spokes Mashiyane, anaitchukitsa m'zaka za m'ma 1950. Kwelayo ndi mwana wa jazi. Anyamata a ku Joni ankamva malipenga a ku America pa magalamafoni, koma poti sakanatha kugula sakisofoni, ankatulutsa mawu omwewo ndi kachitoliro kotchipa. A Kachamba anabwera nayo kwela kumudzi, nkumaiyimba ndi gitala, chitoliro, chisekese ndi babatoni, bezi ya chingwe chimodzi yomangidwa pa bokosi. Mu 1967 katswiri wofufuza nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuyimba mu Blantyre muno nayamba kuwajambula, ndipo pofika 1972 nyimbo zawo zinawafikitsa ku Ulaya. Daniel anamwalira mu 1987. Donald, asanamwalire mu 2001, anakaphunzitsako ophunzira a pa yunivesite ya UCLA ku America. Mwana wa ku Singano ameneyo, kuphunzitsa anthu a dziko limene jazi inabadwira.

Kumbukiraninso Alan Namoko wa ku Thyolo, bambo wosaona wa banjo, amene gulu lake linkatchedwa Chimvu Jazz Band. Zimene ankayimba a Namoko sizofanana ndi za ku New Orleans ayi, ndisakunamizeni. Koma taonani kuti anthu a kumudzi, a mabanjo okhoma ndi zigubu, anali atalitenga kale dzina la jazi nkulipanga lawo, mabwana a majekete asanalidziwe.

Tsono za chisokonezo chimene munamva. Bambo, munaonerapo Gule Wamkulu? Ng'oma zina zimagwira kayendedwe kamodzi osasintha, pamene mbalule imatsata phazi la wovina, kumuyankha, kumuputa, osabwereza zimene inalira dzulo. Jazi imayenda chimodzimodzi. Wa bezi ndi wa ng'oma amagwira njira, kenako mmodzi amatuluka kupeka nyimbo pomwepo, anzake akumudikira. Akamaliza, anthu amawomba m'manja kumuthokoza iyeyo, monga amayi amaluluta wovina akadula bwino, ngakhale gule asanathe. Mukadzapitanso, khutu lanu mulimangirire pa bezi basi, enawo muwasiye. Mudzaona kuti palibe amene wasochera.

Kalata yachiwiri yalembedwa ndi mdzukulu m'malo mwa agogo ake a ku Mulanje, chifukwa maso awo anafooka. Agogowo akuti:

"Mwana wanga, ine kuchikondwereroko sindinapite, ndinamva zidutswa zimene munaulutsa. Gulu lina linayimba nyimbo ya sitima ya kumigodi ija, ndipo misozi inatuluka yokha. Mu 1971 ndinalembedwa ndi Wenela, tinakwera ndege pa Chileka kukatera ku Francistown, kuchoka apo sitima mpaka ku Joni. Ndikufuna kudziwa, kodi nyimboyi ndi ya Phiri uja wa Stimela? Ndipo Phiriyo ndi wathu kapena ndi dzina chabe?"

Agogo, ndagwada pokuyankhani. Pali zinthu ziwiri za dzina limodzi, nchifukwa chake ambiri amasokoneza. Nyimbo ya Stimela ndi ya Hugh Masekela, woliza lipenga wa ku South Africa, ndipo inatuluka mu 1974. M'mawu ake oyamba amatchula maiko amene sitimayo inkatengako amuna, ndipo Malawi ali momwemo. Ndiye munalira nyimbo yanu ndithu. Masekela anabadwira ku Witbank, tauni ya migodi ya malasha, ndipo anthu onga inu ankawaona ndi maso ali mwana.

Stimela winayo ndi bandi ya Ray Phiri. Iye anabadwa mu 1947 kufupi ndi Nelspruit, ndipo bambo ake anali Mmalawi wopita ku Joni kukagwira ntchito, woyimbanso gitala, amene anzawo ankawatcha "Just Now". Ray anayamba ndi gulu la The Cannibals, kenako Stimela, ndipo gitala yake ndi imene mumaimva pa chimbale cha Graceland cha Paul Simon cha 1986. Anamwalira mu 2017. Chiphaso chake chinali cha ku South Africa, koma mfunda wa Phiri sanautole panjira. Ndi mwana wa mtchona, ngati ana ambiri amene anzanu anasiya kumeneko.

Yachitatu ndi yaifupi, yochokera kwa aphunzitsi a ku Mzuzu:

"Akulu, sabata yatha munanena kuti malemu Wambali Mkandawire anabadwira ku Rumphi. Konzani. Anabadwira ku Congo. Ndipo chonde kambani zambiri za iwo, chifukwa achinyamata awiri amene anayimba pachikondwereropo anawatchula ngati mphunzitsi wawo, koma ana anga a sukulu sakuwadziwa."

Mwalondola aphunzitsi, ndinalakwitsa, ndipo zikomo pondikonza. A Wambali anabadwa mu 1952 ku Congo, kumene makolo awo ankakhala. Kwawo kwenikweni ndi ku Mlowe, m'mphepete mwa nyanja m'boma la Rumphi, ndipo kumeneko ndiko anakulira atabwerera ali mwana. Motero m'makutu mwawo munalowa rumba ya ku Congo, munalowanso nyimbo za kunyanja ndi za m'tchalitchi. Atakula anayimba nyimbo za chizungu ndi bandi ya Pentagon mu Blantyre muno. Mu 1978 anatembenuka mtima, ndipo pambuyo pake analowa gulu la New Song la bungwe la Youth for Christ. M'zaka za m'ma 1980 anayimba ndi Friends First ku South Africa, gulu la anthu akuda ndi azungu pamodzi, panthawi imene kuimirira pa nsanja imodzi kunali kuputa boma la tsankho.

Chimene ndimafuna ana anu a sukulu amve ndi ichi: chimbale cha Zani Muwone, chimene chinawatchukitsa kunja, chinatuluka mu 2002, iwo ali ndi zaka 50. Chaka chotsatira chinawapatsa mphoto ya oyimba ya SAMA ku South Africa, ndipo bungwe la WIPO, loteteza ntchito za luso padziko lonse, linawalemekezanso chifukwa cha luso lawo. Nyimbo zambiri ankayimba m'Chitumbuka, ndipo sanachitaye pofuna msika. Ine ndimaona kuti ndicho chinawapatsa mawu awoawo. Oyimba jazi m'Chingerezi alipo zikwizikwi padziko, koma amene anaikhazika pa kayendedwe ka ng'oma za kumpoto kwathu mwa njira imeneyo anali iwo. Anatisiya pa 31 Januwale 2021, nthawi ya mliri wa Covid-19. Aphunzitsi, tsiku lina tengani wailesi m'kalasi, ana amve nyimbo imodzi yonse, kenako muwafunse gule amene akumumva pansi pa magitalawo.

Kalata yomaliza ndaiwerenga kangapo ndisanabwere mu situdiyo. Yachokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni.

"Achimwene, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 17, ali Fomu 3. Anayamba kuliza lipenga mu bandi ya kutchalitchi kwathu. Pachikondwerero paja gulu la achinyamata linamuitana kuti ayimbe nawo nyimbo imodzi, ine ndili pomwepo, ndipo ndinanyadira. Chibwerereni akungokamba za jazi. Bambo ake akwiya. Akuti oyimba ndi anthu a m'mabala, amafa osauka, ndiponso mtsikana saliza lipenga. Alamula kuti alibweze kutchalitchi. Ine ndili pakati. Kodi pali tsogolo m'zimenezi?"

Mayi, mantha a bambo ake sindiwanyoza. Jazi m'dziko muno siilemeretsa. Oyimba ambiri amene munawaona pa nsanja paja amakhala chonchi: Lachisanu usiku pa hotela, Loweruka pa ukwati, Lamulungu kutchalitchi, mkati mwa sabata kuphunzitsa ana kapena kujambulira oyimba ena mu situdiyo. Chikondwerero chimabwera kamodzi pachaka, lendi imabwera mwezi uliwonse. Ndipo ntchito ya usiku ili ndi misampha yake, makamaka kwa mtsikana. Zonsezi nzoona.

Koma lipenga limene lili m'nyumba mwanu linachokera kutchalitchi, ndipo limenelo ndi khomo lakale kwambiri la oyimba jazi. Masekela amene tamutchula uja analandira lipenga lake loyamba ali ndi zaka 14 kuchokera kwa wansembe, Bambo Trevor Huddleston. Ndipo chimbale chake cha Phola cha 2009 anachikonza ndi Mmalawi, Erik Paliani, woyimba gitala amene anayambira kuno ndi bandi ya Acacias asanapite ku Johannesburg. Kumeneko anagwira ntchito ndi woyimba wamkazi Zamajobe, kenako anatulutsa chimbale chake cha Chitukutuku. Ganizani, munthu wa msinkhu wa Masekela, wodziwika dziko lonse, kupereka nyimbo zake m'manja mwa mnyamata wochokera kwathu kuno. Sanam'patse chifukwa cha chisoni. Paliani anakhala zaka akuyimbira kumbuyo kwa ena, akuphunzira kasanjidwe ka nyimbo ndi ntchito ya mu situdiyo, ndipo luso limenelo ndi limene limadyetsa woyimba ngakhale tsiku limene kulibe phwando.

Zoti mkazi sayenera pa nsanja, ankawauzanso akazi ena ambiri. Dorothy Masuka, wobadwira ku Bulawayo mu 1935, bambo ake a ku Zambia, anayamba kujambula nyimbo ali mtsikana wa sukulu, ndipo ankapeka yekha. Nyimbo zake zina boma la tsankho la ku South Africa linaziletsa, iye nkukhala kunja zaka zambiri, koma anayimbabe mpaka ukalamba. Iyeyo chida chake chinali pakhosi. Oliza malipenga aakazi ndi ochepa kwathu kuno, nchifukwa chake mwana wanu anthu anamuona.

Malangizo anga ndi awa. Lipenga lisabwezedwe, koma sukulu ikhale patsogolo, chifukwa ngakhale njira ya nyimboyo imadzera pa MSCE: ku University of Malawi ku Zomba amaphunzitsa nyimbo, ndipo popanda satifiketi yabwino sangalowe. Kuli Music Crossroads ku Lilongwe, kulinso Lusubilo ku Karonga kumene kwatuluka achinyamata oliza malipenga mwaluso. Pakadali pano aphunzire kuwerenga manotsi kwa mkulu wa bandi ya kutchalitchi, ndipo kulikonse kumene aitanidwa usiku, apite ndi inu kapena ndi malume ake. Bambo akewo musalimbane nawo pamaso pa mwana. Pemphani abusa kapena mkulu wa bandi adzacheze nawo kunyumba, ndipo Lamulungu limene mwana adzalize payekha, muwatenge akakhale kutsogolo. Mwina sanamumvepo bwinobwino. Mudzandilemberenso, ndikufuna kudziwa mmene zidzathere.

Makalata ena asanu ndi awiri ndawasunga, tidzawawerenga sabata yamawa, kuphatikizapo ya mnyamata wa ku Balaka wofunsa za kakonzedwe ka babatoni. Tsopano bambo a ku Ndirande, zimitsani makina owotcherera kwa mphindi zinayi, musendeze wailesi. Agogo a ku Mulanje, ndi inu mtsikana wa lipenga ku Chilomoni, nayi gitala ya Daniel Kachamba.