Mafunso a pa windo la mankhwala

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. Amayi ndi abambo a kuno ku Chawama, dandaulo limene timamva kwambiri ife a ku famase ndi lakuti, "Adokotala alemba kale, inu mungondipatsa, mafunso ngachiyaninso?" Lero tikambirane za mafunso amenewo, chifukwa ndipo pagona ntchito yathu.

Famasisiti, katswiri wa mankhwala, amaphunzira zaka 5 ku yunivesite ya UNZA, zambiri mwa izo ku Ridgeway pafupi ndi chipatala cha UTH, kenako amagwira ntchito moyang'aniridwa ndi anzake akale asanaloledwe kuima payekha. Ena amene mumawapeza pa kiliniki ndi a dipuloma, monga ochokera ku Evelyn Hone College. Onsewa dzina lawo liyenera kukhala m'kaundula wa HPCZ, bungwe loyang'anira ogwira ntchito za umoyo. Sitolo nayo imafuna chilolezo cha ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala lomwe linabwera ndi lamulo la mankhwala la 2013. Mukalowa mu famase, ponyani maso kukhoma, muone ngati mapepala amenewa alipo. Amene amayala makapusolo padzuwa kumsika alibe ngakhale limodzi.

Tsono tikafunsa kuti, "Mayi, pali mankhwala ena amene mukumwa?" sikuti tikufuna miseche ayi. Mayi amene wayamba mankhwala a TB amamwa rifampicin. Mankhwala amenewa amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, ndiye mapiritsi olera, ngakhale kachipangizo kapamkono kaja, amachepa mphamvu. Mayi akumwa mokhulupirika tsiku lililonse, mimba ndi iyo, kunyumba mkangano. Tikadziwa msanga timam'bweza kwa anesi akasankhe njira ina. Timamuuzanso kuti mkodzo ufiira, asathamangire kwa sing'anga, ndi mankhwala omwewo.

Abambo kumbuyoko mwaseka, koma lanu likubwera. Mankhwala aja a Flagyl ndi mowa sizionana. Mukaphatikiza mutha kusanza, mutu kuwawa, mtima kuthamanga. Dikirani mumalize, papitenso masiku awiri.

Pa Coartem, mankhwala a malungo, ndichedwepo pang'ono, chifukwa apa ambiri timaphonya. Munthu wamkulu amalandira mapiritsi 24, amamwa anayi nthawi imodzi, maulendo 6 pa masiku atatu. Mukamwa oyamba, achiwiri amabwera pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo masiku awiri otsalawo. Ndipo safuna m'mimba mopanda kanthu. Amalowa bwino m'magazi pakakhala chakudya cha mafuta, kaya mkaka, kaya ndiwo zotendera. Tsiku lachiwiri thupi likazizira, wina amati ndachira, otsalawo ndisungire mwana. Tizilombo totsalato timadzukanso, ndipo mwanayo muyezo wake ndi wina, umatengera kulemera kwake. N'chifukwa chake timafunsa makilo a mwana, osangoti zaka.

Panado naye musam'derere. Wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a 500mg pa tsiku. Vuto ndi lakuti mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol mkati, yemwe ndi Panado yemweyo, ndiye munthu amamwa kawiri osadziwa, chiwindi n'kumavulala.

Nthawi zina timakukanizani, ndipo ndikudziwa kuti zimapweteka. Mwabwera ndi ndalama yanu, mukufuna amoxicillin wa chimfine, ife tikuti ayi popanda pepala la adokotala. Chimfine chimayamba ndi vairasi, amoxicillin sachikhudza n'komwe. Chomwe amachita n'kuzoloweretsa mabakiteriya a m'thupi mwanu, tsiku limene chibayo chidzabwere mankhwala n'kukana kugwira. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin, mankhwala a gulu limodzi ndi amoxicillin, anachenjeza kale za zimenezi mu 1945. Ine famase imene imakugulitsani makapusolo anayi osafunsa kalikonse sindiiyamikira, ngakhale itchipe bwanji.

Adokotala nawonso ndi anthu, amaona odwala ambirimbiri pa tsiku. Pepala likafika kwa ife muyezo ukukayikitsa, timawafunsa tisanapereke. Mukaona tachoka pa windo pepala lanu lili m'manja, nthawi zambiri n'kumene tapita.

Lachisanu likubwerali aliyense abwere ndi mankhwala onse ali m'nyumba, ngakhale azitsamba, tidzaone limodzi madeti ake ndi oyenera kutaya. Amayi apo mwakweza dzanja kalekale, funsani.