Jakisoni wa pamsana posintha bondo: dzanzi limatha nthawi yanji?

Moni abale anga kuno ku Johannesburg. Masiku ano munthu amatha kulowa m'chipatala m'mawa, madokotala n'kumusintha bondo kapena mfundo ya m'chiuno, madzulo n'kukagona kwawo. Kuti zitheke, jakisoni wa pamsana ayenera kuphwa pa nthawi yake.

Dokotala wogonetsa amakukhazikani m'mphepete mwa bedi mutawerama, mutakumbatira pilo. Amabaya kasingano kowonda kumunsi kwa msana, mankhwala n'kulowa m'madzi ozungulira mitsempha. Miyendo imayamba kufunda, kenako kulemera, mpaka kulephera kugwedeza ndi chala chomwe. Njirayi ndi yakale ndithu, anaiyamba August Bier ku Kiel, Germany, mu 1898.

Kutalika kwa dzanzi kumadalira mtundu wa mankhwala ndi kuchuluka kwake. Bupivacaine, yemwe amagwiritsidwa ntchito kwambiri, amagwira maola 2 mpaka 3, koma miyendo imatha kutenga maola 4 kapena kuposerapo isanabwerere mwakale. Mepivacaine ndi wa maola 2 kapena cha pomwepo. Chloroprocaine ndiye wachangu, pafupifupi ola limodzi basi.

Opaleshoniyo payokha imatenga ola limodzi kapena awiri, ndiye apa m'pamene dokotala amaganiza mozama. Akasankha wachangu, dzanzi likhoza kutha ntchito ili mkati, n'kufunika kukugonetsani tulo. Akasankha wokhalitsa, dzuwa lilowa musanaimirire, mugona konko. Choncho afunseni, ndi ufulu wanu: "Adokotala, mundibaya mankhwala ati, ndipo aphwa nthawi yanji?"

Kugwedeza zala za kumapazi sikokwanira kuti akutulutseni. Muyende kaye ndi ndodo pamaso pa a physio (akatswiri othandiza odwala kuyambanso kuyenda), osachita chizungulire, komanso mukodze. Ambiri amadabwa napo apa, koma mitsempha ya chikhodzodzo ili m'gulu la yomwe imachedwa kudzuka.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi usiku woyamba. Ambirife kuno ku Joni timakhala tokha m'kachipinda ka lendi, achibale ali ku Mangochi kapena ku Mzimba. Dzanzi likatheratu ululu umabwera mwamphamvu, ndiye imwani mapiritsi pa nthawi yomwe akuuzani, osadikira kuti uyambe. Pezeranitu munthu wodzakutengani pa galimoto, osati kukadzipanikiza m'tekisi ya ku Bree, ndipo agone nanu. Mutu ukamapweteka mukaimirira n'kumaleka mukagona, mkodzo ukakana kutuluka, kapena miyendo ikayambanso kufooka, bwererani kuchipatala msanga.