Makalata a Omvera: Nsomba, Njala ndi Lenti

Takulandirani nonse, kuyambira ku Dwangwa mpaka ku Benga. Phulusa la Lachitatu lija linachoka kale pamphumi, koma makalata ofunsa za Lenti akubwerabe.

Tiyambe ndi mnyamata wina wa ku Linga. Akuti wawerenga pa kalendala kuchokera Lachitatu la Phulusa mpaka Loweruka Loyera, wapeza masiku 46, osati 40. Mwawerenga bwino, achimwene. Chotsanipo masiku 6 a Lamulungu, chifukwa Lamulungu ndi tsiku la kuuka kwa Ambuye, sitisala. Otsalawo ndi 40, monga masiku amene Yesu anakhala m'chipululu.

Kalata yachiwiri yachokera ku Chia, kwa bambo wina msodzi. Akuti: "Ndine Mkatolika. Kutchalitchi amati Lachisanu la mu Lenti tisadye nyama, koma nsomba ndi yololedwa. Kwathu kuno ndiwo ndi nsomba tsiku ndi tsiku, nyama timaiona pa Khirisimasi kapena paukwati. Nanga ineyo ndikusala chiyani?"

Bambo, mwafunsa zimene ambiri a m'mbali mwa nyanja amangozisunga mumtima. Lamulo la Mpingo likuti amene wakwanitsa zaka 14 asadye nyama Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu lililonse la Lenti. A zaka 18 mpaka 59 asale kudya Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, ndiye kuti kudya kokhuta kamodzi, kwinako kungolawa pang'ono. Kwa inu, lamulo la nyamalo silikuvutani n'komwe, n'chifukwa chake mtima sukukhazikika. Dzifunseni chimene simungagone musanachigwire. Kwa wina ndi kachasu wa padoko bwato likangokocheza, kwa wina fodya. Mwina kwa inu ndi chambo chachikulu chija mumapatula musanagulitse, n'kunena kuti ichi n'cha kunyumba. Lachisanu likubwerali chitengereni gogo wamasiye wa pamudzi panu, inu mudyere nsima mkhwani.

Kalata yachitatu ndaiwerenga kawiri ndisanalowe muno. Ndi ya mayi wina wa ku Benga: "Chimanga chinatithera mu Disembala. Tikudya kamodzi patsiku, masiku ena maungu okhaokha. Ndikuyamwitsa, komanso ndimamwa mankhwala m'mawa ndi madzulo. Anzanga a mu mphakati akusala mpaka 6 koloko madzulo ndipo amafunsana kuti lero wafika pati. Ine ndimangowerama ndi manyazi. Kodi Mulungu akundiona ngati waulesi?"

Ayi, mayi. Dzutsani mutu. Mpingo sukakamiza odwala, oyembekezera ndi oyamwitsa kusala kudya, ndipo mankhwalawo musawadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Ngati ali ofuna kudya kaye, idyani chimene chilipo. Mwana ali kumsanayo akudya kudzera mwa inu.

Lenti kwathu kuno imatipeza mu Febuluwale ndi Malichi, nkhokwe zili mbee, chimanga chikadali chachiwisi kumunda. Munthu amasala chimene ali nacho, ndipo inu mulibe choti musiye. Chimene chikundiwawa ndi cha anzanuwo. Pa Mateyu 6:17 Yesu akuti posala udzole mafuta kumutu ndi kusamba kumaso kuti anthu asadziwe. Nanga kufunsana maola kwachokera kuti? Ndipo pa Yesaya 58:7, kusala kumene Mulungu amafuna ndi kugawana chakudya chako ndi wanjala. Amayi a mphakati umenewo, ngati mukumvera: nsima yamasana imene simukuphikayo, ufa wake ukupita kuti?

Ndikukumbuka malemu mayi anga. Lenti ikayamba, ankaika kachitini pafupi ndi mafuwa. Pophika paliponse ankatapa ufa dzanja limodzi n'kuthira m'menemo asanavundule nsima. Ife ana tinkadandaula, chifukwa mitanda inkachepadi. Pofika Sabata Loyera kachitiniko kanali katadzaza kangapo, ndipo ankandituma kukasiya ufawo pakhomo la nkhalamba ina yakhungu kukada, kuti anthu asaone.

Mayi a ku Benga, pemphero silifuna m'mimba mopanda kanthu. Lachisanu pitani ku Njira ya Mtanda ndi mwana wanuyo, ndipo mukatha muwauze a tcheyamani a mphakati mmene zilili pakhomo panu. Mutilemberenso sabata yamawa, tikufuna kumva kuti mwadya.