Kampani ya Jira ndi Trello inakula bwanji? Zoti poyambira ndi donor tazisiyani

Takulandiraninso, abale anga a ku Chikwawa, ku Nchalo, ku Ngabu mpaka ku Nsanje. Mukamva phokoso kumbuyoku ndi fani, mundipirire, popanda iyeyu vidiyoyi siijambulika. Lero tikambe za Atlassian, kampani ya ku Australia yomwe ndi mwini wake wa Jira ndi Trello, mapulogalamu oyendetsera pulojekiti. Musathawe, pa mfundo yachitatu pali bodza lomwe landitopetsa.

Choyamba, mwachangu. Pulogalamu yoyendetsera pulojekiti ntchito yake ndi yotani? Ntchito yaikulu mumaidula tizigawo, kagawo kalikonse mumalembapo mwini wake ndi tsiku lomalizira, ndiye aliyense amaona zomwe zatha ndi zomwe zaima. Ganizirani ngalande ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira ija: okumba, othira konkire, olipira chipukuta misozi, onsewo ayenera kudziwa kuti akudikira ndani. Basi, tapita.

Chachiwiri, eni ake. Mike Cannon-Brookes ndi Scott Farquhar anadziwana ali pasukulu ku University of New South Wales. Mu 2002 anatsegula kampani mumzinda wa Sydney, ndipo chaka chomwecho anatulutsa Jira, yolondolera zolakwika ndi ntchito za olemba mapulogalamu a kompyuta. Mu 2004 kunabwera Confluence, yosungiramo zolemba za gulu.

Musanapitirire, dinani subscribe. Ndikuona ambiri mumaonera koma simudina. Bandulo mwagula kale, kudinako n'kwaulere.

Chachitatu. Apa ndiye khalani pansi. Ndikakamba za bizinesi ya mapulogalamu, ndemanga zimadzaza mawu amodzimodzi: "Achimwene, zimenezo zimafuna donor." "Tikungodikira proposal idutse." Kuno kuchigwa tinazolowera kuti chinthu chikatchedwa pulojekiti, ndiye kuti kwabwera galimoto yoyera ya bungwe, makamaka chichokereni namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Ndiye timaganiza kuti makampani onse a mapulogalamu anayamba ndi bwana wina wowapatsa chikwama. Ayi!

Anyamata awiriwa anayamba ndi ngongole ya madola 10,000 ya pa khadi la kubanki. Ndalama ya munthu wakunja inalowa liti mukampanimo? Mu 2010. Werengani nokha, zaka 8. Ndipo pamene Accel, kampani yoika ndalama m'mabizinesi, inabwera ndi madola 60 miliyoni, inapeza kampani ikupanga kale phindu. Ndalama inatsatira makasitomala, sikuti makasitomala anatsatira ndalama.

Nanga zaka 8 zonsezo ankadya chiyani? Apa ndi pomwe pamandisangalatsa. Nthawi imeneyo makampani ena ankagulitsa mapulogalamu awo ngati ng'ombe pamsika wa ku Ngabu: wogulitsa akuyang'ana nsapato zanu kaye, mtengo mukambirane mpaka dzuwa lipendeke. Makampani ankalemba anthu a masuti oyenda muofesi ndi muofesi, ndipo malipiro awo ankalowa mumtengo wa pulogalamuyo. Atlassian inangolemba mtengo poyera pa intaneti. Mukufuna? Tengani, muyese kaye masiku angapo, ikakukomerani lipirani. Kwa zaka zambiri analibe gulu la ogulitsa loyendayenda lija. Anafika mpaka pogulitsa chilolezo cha anthu 10 pa madola 10 okha.

Mukuona chomwe chinkachitika? Kagulu kamodzi mukampani yaikulu kagula osapempha chilolezo kwa abwana, poti mtengo ndi wochepa. Gulu loyandikana nalo lisirira, nalonso liyamba. Chaka chikamatha anthu ogwiritsa ntchito achuluka, kampani yonse ikulipira mtengo waukulu. Wina akasintha ntchito, kumene wapitako akukafunsa kuti, "Kuno mulibe Jira?" Ndalama yomwe ena ankalipira ogulitsa, iwo ankailowetsa pokonza pulogalamuyo.

Tsono ndikudziwa, wina walemba kale mundemanga kuti ku Sydney si ku Bangula. Zoona. Iwo anali ndi intaneti yodalirika, magetsi osathimathima, ndi makasitomala olipira pa khadi kuchokera kumaiko ena. Ndipo chonde, asapezeke munthu wokatenga katapila n'kumati ndamva pa vidiyo. Sindinatero. Chomwe ndikukana ine ndi chakuti poyambira ndi donor. Ngati munalemba kapulogalamu kowerengera ndalama za banki m'khonde, kapena kolondolera alimi a thonje omwe atenga mbewu pangongole, funso langa ndi limodzi: alipo gulu lomwe lakulipirani, ngakhale pang'ono?

Mkwiyo watha. Chachinayi, kugula anzawo. Mu Disembala 2015 Atlassian inalowa pamsika wa masheya wa NASDAQ ku America, ndipo thumba linakula. Mu 2017 inagula Trello pa madola 425 miliyoni. Trello ndi ija ya bolodi ndi timakadi, mumakoka kakhadi kuchoka pa "zoti tichite" kupita pa "zatha". Jira imawalemera anthu wamba, ndiye anagula yopepuka. Mu 2023 anagulanso Loom, yotumizirana timavidiyo, pa madola 975 miliyoni. Si zonse zinayenda: HipChat, yochezerapo pantchito, inagonja kwa Slack, pulogalamu ya kampani ina yogwira ntchito yomweyo, ndipo mu 2018 anaigulitsa kwa Slack yemweyo.

Chachisanu, anasiya kugulitsa pulogalamu yoika pa seva yanuyanu, kompyuta yaikulu ya kampani yanu, n'kukankhira makasitomala ku yolipira mwezi ndi mwezi pa intaneti. Ena anadandaula. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Vidiyo yotsatira ndikuonetsani kutsegula bolodi yaulere ya Trello pa foni, tiyeserere ndi komiti yomanga buloko ya sukulu: njerwa, mchenga, simenti, mmisiri, aliyense ndi kakhadi kake. Lembani mundemanga komwe mukuonera, ndione ngati a ku Makhanga netiweki yawalola lero. Ndipo mutumizireni mnzanu uja wa proposal.