Ulendo woyamba wa ku Joni: kuzizira, ma taxi ndi bodza la masiku

Muli bwanji abale anga, takulandiraninso. Lero tikukamba zomwe zimamudzidzimutsa mwana wa pa Malawi akangotsika basi koyamba pa Park Station, siteshoni ya mabasi ku Johannesburg. Musathawire pakati, chachinayicho ndi chomwe chaliza anthu ambiri.

Choyamba, msewu, mwachidule: Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, kenako Beitbridge, boda ya Zimbabwe ndi South Africa, pomwe mzere wake umachita kukukalambitsa. Miyendo imatupa. Tapitirira.

Chachiwiri, kuzizira. Inu a ku Dedza ndi ku Mzuzu mumadzitama kuti mphepo mumaidziwa, pepani. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, pomwe Lilongwe ili cha pa 1,050. Mu June ndi July umadzuka udzu utayera mbuu ndi chisanu, ndipo mu July 2023 mpaka kunagwa sinowo. Ine ndinatsika nditavala kajekete kakang'ono kogula pa kaunjika, mano akungogundana.

Chachitatu, minibasi, zomwe kumeneko amati taxi. Palibe woitanira. Ukafuna ya m'tauni umaloza chala m'mwamba, ya pafupi umaloza pansi. Ndalama zimayenda dzanja ndi dzanja kuchokera kumbuyo, ndipo ukakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, kondakitala ndiwe! Uwerengere anthu chenji m'ma rand omwe sunawazolowere, wina akukukalipira m'Chizulu.

Ngati mwafika pano, dinani subscribe ndi kabelu kaja. Ndi ulere, anthuni, simulipira ndi tambala yemwe.

Tsopano chachinayi, ndipo apa ndikhale bwino. Pasipoti ya Malawi imakulowetsani ku South Africa popanda visa mpaka masiku 30, ngati mlendo, osati wodzagwira ntchito. Ndiye m'basi simusowa mkulu wina wodziwa zonse: "Aphwanga musadandaule, mukapitirira masiku mumangolipira chindapusa pa boda, nkhani yatha."

Bodza! Bodza lamkunkhuniza! Mkuluyo akukuuzani zakale. Malamulo anasintha mu 2014. Panopa ukapitirira masiku, potuluka amakulemba kuti ndiwe munthu wosafunika m'dziko lawo. Ukapitirira ndi masiku osaposa 30, chaka chathunthu osalowamo. Ukabwerezanso pasanathe miyezi 24, zaka 2. Ukapitirira ndi masiku oposa 30, zaka 5. Ndibwereze? Zaka 5. Ngakhale tsiku limodzi lokha amaliwerenga.

Ndipo chimene chimandinyansa ndi ichi: anthu amangoloweza nambala ya 30, chidindo osachiyang'ana. Wa pa kauntala akhoza kukupatsani masiku ochepa kuposa pamenepo, ndipo tsiku lomwe walemba m'pasipotimo ndi lomwe likugwira ntchito, osati lomwe anakuuzani alamu anu pa WhatsApp. Mukangolandira pasipoti, tsegulani pomwepo, werengani, jambulani ndi foni. Za anyamata amene amati muwapatse pasipoti akakudinditsireni pa boda inu muli phee m'nyumba, chidindo chikapezeka chabodza wonjatidwa ndi inu, iwo ali kwawo akudya pap.

Chachisanu, pap yomweyo: ndi nsima, simufa ndi njala.

Amene muli ku Joni, Durban kapena Cape Town, tiuzeni m'munsimu kuti anakupatsani masiku angati pa Beitbridge. Vidiyo yotsatira tikamba za kusintha kwacha kupita ku rand.