Kuthamanga m'mbali mwa damu ku Kasungu: koyenera ndi kosayenera

[Chithunzi: damu la Lifupa m'mamawa, nkhungu ili pamwamba pa madzi]

Madzi mukuwaonawa ndi a damu la Lifupa, mkati mwa paki ya Kasungu. Kanjira kakudutsa m'mphepeteka n'kokopa kwa aliyense wokonda kuthamanga, koma chonde muno musathamangemo. Paki imeneyi ndi yachiwiri kukula m'Malawi, ndipo mu 2022 analowetsamo njovu zina 263 kuchokera ku Liwonde. M'damumu mulinso mvuu.

[Kamera iyandikire pansi]

Taonani bwino kanjiraka. Kali ndi mizere iwiri yopondeka, pakati pali kamzere ka udzu, ndowe zamwazikana m'tchire. Apa m'podutsa mvuu. Imatuluka usiku kukadya msipu n'kubwerera m'madzi mbandakucha, nthawi yomwe wothamanga amadzukira. Ikakupezani pakati pa iyo ndi madzi, imakuthamangirani, ndipo pamtunda imafika makilomita 30 pa ola. Simungaisiye m'mbuyo. Ndiye m'paki munthu amayenda pansi pokhapokha ali ndi agemu, pang'onopang'ono. Musavale zakuda kapena zabuluu wakuda, chifukwa zimaitana kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera.

Kothamangira ndi kunja kwa paki, m'tinjira ta m'mbali mwa madambo ndi madamu oyandikira tauni. Ngati ndi damu la madzi akumwa monga la Chitete, funsani kaye oyang'anira.

[Chithunzi: mapazi akuthamanga panjira yafumbi]

Nyamukani kukangoyera, cha m'ma 5:30, muziona popondapo. Mu Okutobala ndi Novembala, ikamakwana 7 koloko mukhale mutamaliza, dzuwa la kuno silichedwa kuswa mtengo. Nyamulani botolo la madzi la theka la lita. Ngati mukuyamba kumene, yendani mwandawala mphindi 5, kenako thamangani mphindi imodzi, yendani ziwiri, mubwereze kasanu ndi kawiri. Chitani zimenezi masiku atatu pa sabata, kudumphitsa tsiku pakati. Liwiro labwino ndi loti mukhoza kucheza ndi mnzanu osabanika. Mawu akayamba kuduka, chepetsani.

Nthaka ya kudambo ili ndi khalidwe lake. M'dzinja makande amaterera komanso amamatirira kunsi kwa nsapato mpaka mwendo kulemera. M'chilimwe dongo lomwelo limauma gwa, ming'alu ponseponse, ndi maenje omwe ng'ombe zinasiya popita kukamwa madzi. Anthu ambiri amabinyira pamenepa. Fupikitsani sitepe, phazi lizitera pansi pa thupi, maso akhale mamita atatu kutsogolo. Posankha nsapato pa kaunjika, itembenuzeni muone ngati mano a kunsi adakalipo, ndipo kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wa chala chimodzi cha m'manja. Mukabinya, imani pomwepo. Kunyumba kwezani mwendo, ikanipo ayisi wokulunga m'nsalu mphindi 15 mpaka 20. Mukalephera kuponda masitepe anayi, pitani kuchipatala, mwina fupa lathyoka.

Zomverera nyimbo za m'makutu zisiyeni kunyumba, ndipo musadule njira m'udzu wautali. Mphiri sithawa ikamva mapazi, imangoti phee panjira, khungu lake lofanana ndi masamba ouma. Ikaluma munthu, musatemepo, musayamwe, musamange chingwe. Muvuleni nsapato mwendo usanatupe, asayende, mumunyamule kupita kuchipatala. M'chilimwe chenjeraninso ndi chitedze cholendewera m'mbali mwa njira.

[Chithunzi: nkhono zazing'ono pa udzu wa m'madzi]

Mwamaliza, thukuta kamukamu, madzi ali pomwepo. Musasambemo, ngakhale kungoviikamo mapazi. Nkhono izi zimasunga tizilombo ta likodzo, ndipo timalowa pakhungu labwinobwino lopanda bala. Zizindikiro zimachedwa, mwina patapita masabata angapo m'pamene munthu amaona magazi m'mkodzo. Ngati munalowamo kale, kayezetseni. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo mlingo wake amaupereka molingana ndi kulemera kwa thupi lanu.