Pulogalamu yanu ndi yabwino, nanga bwanji palibe akugula?

[Chithunzi: munthu ali pa kompyuta usiku, foni ili pambali]

Mwatha miyezi itatu mukulemba pulogalamu ya pakompyuta. Ikuyenda bwinobwino. Mwakaionetsa kwa mwini bizinesi, iye wagwedeza mutu, nkuti "tidzakuimbirani". Mpaka lero foni ili zii.

Tibwerere kaye ku California m'chaka cha 1976. Steve Wozniak anapanga kompyuta ija timaitcha Apple I, ndipo ankakaionetsa ku Homebrew Computer Club, gulu la anthu okonda zamakompyuta omwe ankakumana nkumaonetsana zomwe apanga. Kumeneko kunalinso Paul Terrell, mwini sitolo ya Byte Shop. Steve Jobs, mnzake wa Wozniak, anamulondola Terrell kusitolo kwake. Terrell sanafune mabolodi oti ogula azikalumikiza okha tizipangizo kunyumba, ankafuna makina olumikizidwa kale. Jobs anamva zimenezo, ndipo Terrell anaitanitsa makompyuta 50, iliyonse pa madola 500. Luso linali la Wozniak, inde, koma oda inabwera chifukwa wina anapita kumene kunali anthu, nkumvetsera chomwe wogula akufuna.

[Chithunzi: tebulo la msonkhano, laputopu yotseka]

Apa ndi pomwe ambiri a ife timaphonya. Tikangokhala pansi ndi kasitomala, timatsegula laputopu nkuyamba kufotokoza za database, za seva, za chilankhulo chomwe talembera code. Munthuyo akungoyang'ana wotchi. Iye chomwe chikumusowetsa tulo ndi chakuti antchito ake amatha tsiku lathunthu akuwerenga katundu pamanja, ndipo manambala sagwirizana.

Ndiye laputopuyo isiyeni yotseka kaye. Funsani: "Ntchito imeneyi panopa mumaigwira bwanji? Imakutengerani nthawi yaitali bwanji? Ikalakwika, amavutika ndani?" Mukafunsa, khalani chete. Kukhala chete kumeneku nkovuta, ndikudziwa, mtima umafuna kuonetsa zonse zomwe mwapanga. Koma mawu amene iye ayankhe ndi omwe mugwiritse ntchito pofotokoza pulogalamu yanu. Mu 2001 kampani ya Apple itatulutsa iPod, kachipangizo komvera nyimbo, sinakakamire kuuza anthu za magigabaiti 5. Inawauza kuti ayenda ndi nyimbo 1,000 m'thumba.

Musadzuke pamsonkhanopo musanagwirizane tsiku lenileni loti mudzalankhulanenso, ndi dzina la munthu amene amavomereza zogula.

[Chithunzi: mizere yolumikiza timadontho, ina yokhuthala, ina yopyapyala]

Tsopano, kodi makasitomala ndi mwayi wa ntchito zimachokera kwa ndani? Mu 1973 katswiri wa zachikhalidwe cha anthu, Mark Granovetter, anaonetsa kuti nkhani za mwayi wa ntchito nthawi zambiri zimabwera kudzera mwa anthu omwe timangodziwana nawo patalipatali, osati anzathu apamtima. Chifukwa chake nchosavuta kumva: mnzanu wapamtima amadziwa anthu omwewo amene inu mumawadziwa, amamva nkhani zomwezo. Wapatali uja amayenda m'magulu ena. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mu 2022 magazini ya Science inasindikiza kafukufuku wa anthu oposa 20 miliyoni a pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti lolumikiza anthu pa nkhani za ntchito, ndipo anapezanso kuti maubale otalikirana pang'ono ndiwo amathandiza kwambiri kupeza ntchito yatsopano.

Vuto ndi loti ubale wotere umazirala msanga, ndipo ambiri timaukumbukira ntchito ikatha. Munthu mwakhala zaka zitatu osamupatsa moni, lero mukutulukira ndi CV. Amakuonerani patali.

Muziusamalira musanausowe. Pa Stack Overflow, tsamba lomwe olemba mapulogalamu amafunsanapo mafunso, wina akafunsa funso lomwe inu munalimbana nalo kale, muyankheni. Mukapeza cholakwika mu pulojekiti ya pa GitHub, tsamba lomwe anthu amagawanapo code, chikonzeni nkutumiza. Mukadziwa anthu awiri omwe angathandizane, alumikizeni, ngakhale inuyo musapindulepo kanthu lero.

Mukakumana ndi munthu pamsonkhano wa zamakompyuta, mulembereni mawa lake lomwe, asanakuiwaleni nkhope. Osangodina batani lopempha ubwenzi lopanda mawu. Lembani chonchi:

[Pa sikirini pakuoneka uthenga ukulembedwa]

"Moni. Tinacheza dzulo panthawi yopuma, munkanena kuti seva yanu imagwa anthu akachuluka. Ndapeza njira yomwe inatithandiza ife pa vuto lomwelo, ndaiyika m'munsimu. Mukaiyesa mundiuze momwe yayendera."